Kuwotcherera Buloko ya Injini ya Aluminiyamu Ikang'aluka

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene adzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Probox, Sienta ndi Honda Fit, ali ndi mabuloko a aluminiyamu. Injini zake n'zopepuka, koma buloko yotere ikang'aluka siikonzedwa mofanana ndi buloko yachitsulo ya 3L kapena 5L ya m'maminibasi, ndipo ndodo zowotcherera mageti sizigwirapo n'komwe. Zimene zimang'alula buloko n'zodziwika: injini kutentha mpaka madzi kuwira, ngozi, mwala kumenya kunsi, konrodi kuthyoka n'kuboola khoma, kapena mabawuti kumangidwa mopyola muyezo. Ina imachokera nalo kufakitale vutolo. Honda Civic za 2006 mpaka 2008 ndi zina za 2009 zinadziwika ndi mabuloko ong'aluka n'kumadontha madzi, mpaka ku America kampaniyo inatalikitsa waranti ya mabulokowo kufika zaka 10.

Pa ntchito yonseyi, nthawi imene moto wa makina umakhala ukuyaka ndi yochepa kwambiri. Yambiri imathera pa kufufuza, kuyeretsa ndi kutenthetsa. Wothamangira kuyatsa makina amabweza kwa mwini galimoto buloko yooneka bwino kunja koma yodonthabe.

Onani kaye ngati ikuyenera kuwotchereredwa

Si mng'alu uliwonse wofunika kutayirapo gasi. Malo amene amakonzeka bwino ndi khoma lakunja la njira ya madzi, makutu omangirapo giyabokosi kapena sitata, pomangira maunteni, mlomo wokhalapo sampu, ndi bowo la m'mbali limene konrodi yaboola ngati silinafike pa njira ya oyilo. Koma mng'alu ukalowa pamene pamagona mabering'i a crankshaft, ukadutsa pakati pa masilinda awiri, kapena ukatsika m'kati mwa bowo la mabawuti a hedi, ine ndimati musavutike. Malo amenewo ndi amene amasenza mphamvu yonse ya injini, ndipo moto umafewetsa aluminiyamu wozungulira pamene mwawotcherera. Pa injini ngati 1NZ-FE ya Toyota, masilivu achitsulo a m'masilinda ndi opyapyala ndipo anawaumbira m'buloko momwemo, moti Toyota salola n'kuwakulitsa komwe. Mng'alu ukakhudza silivu, funsani mtengo wa buloko ina kwa ogulitsa masipeya a injini zophwasula, muyerekeze ndi mtengo wa gasi, ndodo, magasiketi ndi masiku anu. Muuzeni mwini galimoto zoona zake musanayambe.

Kenaka tsimikizani chitsulo chake. Maginito akamata pakhoma lakunja, ndiye kuti si aluminiyamu. Akapanda kumata, palani tizinyenyeswa pang'ono n'kudonthezerapo viniga. Pa aluminiyamu sipachitika kanthu, koma pa magnesium pamachita thovu. Mayeso amenewa musawanyozere: mabokosi a injini za Volkswagen Beetle zakale ndi a magnesium, ndipo tizinyenyeswa take tikagwira moto, madzi amangoukolezera.

Yang'ananinso khungu la buloko. Yokhakhala ndi makoma okhuthala kawirikawiri anaiumba mumchenga, ndipo imalandira moto bwino. Yosalala, ya makoma opyapyala ndi tizizindikiro tozungulira, anaipopera m'chikombole mwamphamvu ndi mwaliwiro. Mabuloko ambiri a magalimoto ang'onoang'ono ndi mabokosi a injini za njinga zamoto za kabaza ndi otero. M'kati mwake mumatsekeredwa timpweya, ndipo mukaikapo moto timatuluka n'kusiya timabowo. Imawotcherereka ndithu, koma konzekerani kubwereza.

Phwasulani zonse, mutsuke

Tulutsani injini m'galimoto. Chotsani hedi, mapisitoni, crankshaft, mabering'i, masilo, masensa ndi mapulagi otsekera njira za oyilo. Tsukani ndi mankhwala ochotsa girisi, kenaka madzi otentha ndi sopo waufa, n'kupemerera ndi mpweya wa kompuresa. Musaviike bulokoyo mu caustic soda monga ena amachitira ndi mabuloko achitsulo, chifukwa soda ameneyu amadya aluminiyamu.

Pezani pamene mng'alu wathera

Mng'alu umene maso akuona ndi waufupi kuposa umene ulipodi. Pali mankhwala ake a zitini zitatu: chotsukira, utoto wofiira wolowerera, ndi ufa woyera wopopera pamwamba. Tsukani malowo, poperani wofiira, dikirani mphindi 15 kapena 20, pukutani ndi nsalu yonyowetsa pang'ono chotsukira chija, kenaka poperani woyera mopyapyala. Pakapita mphindi zochepa mzere wofiira umatulukira, nthawi zina ndi nthambi zimene simunaziganizire.

Ngati zitinizi zasowa, njira yakale imathandizabe. Pakani parafini, mulole alowe, pukutani mpaka paume, kenaka pakanipo choko chopera chosungunula mu sipiriti. Chikauma, gogodani buloko pang'ono ndi kahamala, ndipo parafini wobisala mumng'alu amadetsa chokocho. Kumbukirani kokha kuti mwaonjezera mafuta mumng'alu, amene muyenera kudzawatulutsa.

Ikani chizindikiro ndi panchi mamilimita atatu kapena anayi kupitirira pamene mzere wathera, n'kuboola bowo la mamilimita 4 kapena 5 kunsonga iliyonse, kuphatikizapo nthambi. Popanda mabowo amenewa, mng'alu umathawa patsogolo pa moto wanu. Musanaboole, suzumirani kuseli kwa khoma kuti dirilo isakalase silivu kapena njira ya oyilo.

Kumbani ngalande

Apa ambiri amatola giraindala ya disiki yodulira zitsulo, ndipo pomwepo ntchito yaonongeka. Disiki yotere imasiya mchenga wake ndi guluu wake mu aluminiyamu, komanso imapaka chitsulo chofewacho pamwamba pa mng'alu n'kutsekera oyilo m'kati. Mukayang'ana mumaona ngati mng'alu watha, pomwe wangophimbika. Gwiritsani ntchito kamutu ka carbide ka mano otalikirana kopangidwira aluminiyamu, pa kagiraindala kakang'ono kowongoka. Kameneka kamasenga chitsulo n'kutaya tizipalipali tonyezimira.

Tsatirani mng'alu kuchokera bowo lina kukafika linzake. Ngalandeyo ikhale yotseguka bwino, pafupifupi madigiri 70 mpaka 90, ndipo pansi pake pakhale pozungulira osati posongoka, kuti moto ufike pansi penipeni. Ngati mungafike mbali imodzi yokha, kumbani mpaka patsale mamilimita awiri kapena kuchepera pang'ono. Ngati mbali zonse ziwiri zikufikika, kumbani kuwiri konse, mudzawotcherere kuwiri konse. Sengani khungu lakuda la buloko mamilimita 20 kapena 25 mbali iyi ndi iyo, mpaka chitsulo chiwale.

Tulutsani oyilo amene analowerera

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa buloko yakale ndi aluminiyamu watsopano. Buloko ili ngati mphika wadothi umene wakhala ukuphikidwa ndiwo zamafuta zaka zambiri: muutsuke bwanji, mukauteleka pamoto wopanda kanthu umatuluka thukuta la mafuta. Aluminiyamu woumba ali ndi timibowo tosaoneka ndi maso, ndipo oyilo ndi madzi a mu ladiyeta akhala akulowamo nthawi yonse imene injini yagwira ntchito. Aluminiyamu wosungunuka amamwa mpweya wa hydrogen wochokera m'mafuta ndi m'chinyezi, ndipo akamauma amaulavula n'kusiya timabowo. Timabowo timeneto ndi timene timadzadontha madzi.

Tenthetsani malo a mng'alu ndi tochi ya gasi, mukuyendetsa lawi uku ndi uku. Muona m'ngalande mukunyowa, kenaka kautsi konunkha oyilo wopsa, ndi madontho abulauni m'mphepete. Siyani pazizire, pukutani ndi acetone pa nsalu yoyera, sengani pang'ono ndi carbide, n'kutenthetsanso. Bwerezani mpaka nsalu izituluka yoyera ndipo utsi uleke. Acetone amayaka msanga, choncho botolo lake ndi nsaluzo zikhale kutali ndi moto.

Chenjezo limodzi lokhudza moyo wanu: musatsukire malo owotcherera ndi mankhwala opopera otsukira mabuleki amene muli chlorine. Otsalira ake akakumana ndi moto wowotcherera amasanduka phosgene, mpweya wa poizoni umene umaononga mapapo ngakhale utakhala wochepa. Werengani chitini, ndipo mukakayika gwiritsani acetone basi.

Chomaliza ndi bulashi ya waya wa stainless, yatsopano kapena yosungidwira aluminiyamu yekha. Pamwamba pa aluminiyamu pamakhala kakhungu kosaoneka kamene kamapangika akakhudzana ndi mpweya. Aluminiyamu weniweni amasungunuka pa madigiri 660, koma kakhunguko kamafuna madigiri opitirira 2,000. Kwechani ndi bulashi mutatsala pang'ono kuyatsa moto, osati dzulo lake, chifukwa kamabwereranso.

Makina, gasi ndi ndodo

Makina oyenera ndi TIG, owotcherera ndi nsonga ya tungsten yosasungunuka yotetezedwa ndi gasi, yokhala ndi AC (magetsi osinthasintha mbali). TIG ya DC yokha (magetsi oyenda mbali imodzi), imene imagwira bwino pa stainless, siithyola kakhungu kaja. Pa buloko mufunika makina ofika maampu 200 kapena kupitirira, chifukwa aluminiyamu amathawitsa kutentha mofulumira. Poyambira werengerani maampu pafupifupi 40 pa milimita iliyonse ya kukhuthala kwa khoma, ndipo buloko ikatenthetsedwa mudzatsitsako. Ngati makina ali ndi pochunira AC balance, pogawira moto pakati pa kusungunula ndi kuyeretsa, yambirani pa 65 mpaka 70 peresenti kumbali ya EN, yomwe ndi yosungunula, n'kuonjezera mbali yoyeretsa mukaona kuti kadziwe ka chitsulo chosungunuka kakuda. Makina ena amawerenga nambalayi mozondoka, choncho onani buku lake. Mukamagwiritsa jenereta, ikhale yamphamvu mokwanira, chifukwa moto wodukiza pakati pa ntchito umasiya malo osagwirana.

Gasi ndi argon wopanda chosakaniza, malita 8 mpaka 12 pa mphindi. Gasi wa MIG (makina owotcherera ndi waya wodziyenda wokha) wosakaniza ndi CO2 sagwira pa aluminiyamu. Tungsten ikhale ya lanthanum kapena zirconium, ya mamilimita 2.4, kapena 3.2 mukapitirira maampu 200.

Ndodo yodziwika ndi ER4043, yomwe ili ndi silicon 5 peresenti. Mabuloko ambiri nawonso ali ndi silicon wambiri, motero zimagwirizana. ER4047 ili ndi silicon 12 peresenti, imasungunuka msanga, imayenderera bwino ndipo siing'aluka wamba. Pa khoma la madzi la buloko yosalala ija ndimakonda imeneyi. Pewani ER5356 ngakhale ili yolimba: ili ndi magnesium 5 peresenti, ndipo siiyenera malo okhala otentha kupitirira madigiri 65 nthawi yaitali, pomwe injini imayenda pa madigiri 80 mpaka 100 tsiku lonse. Waya wa aluminiyamu wosenda m'makebulo a magetsi si ndodo. Mulibe silicon, ndipo msoko wake umakonda kung'aluka pakati ukamazizira. Ndodo nazonso zipukuteni ndi acetone.

Bwanji ngati mulibe TIG? MIG yokhala ndi spool gun (chogwirira chonyamula kampukutu ka waya) ndi waya wa 4043 imathandiza pa makutu okhuthala, koma pa khoma la madzi imakwirira zinyalala m'malo mozitulutsa. Ndodo za aluminiyamu za makina wamba a arc zilipo, koma zimayamwa chinyezi, zimatha mothamanga, ndipo zotsalira zake zimadya chitsulo mukapanda kuzitsuka. Pa buloko ya munthu, kuli bwino kukonza zonse zimene tanenazi n'kuinyamula kupita nayo kwa amene ali ndi TIG ya AC.

Tenthetsani buloko yonse

Bwezerani makapu a mabering'i a crankshaft m'malo mwake, opanda mabering'iwo, n'kuwamanga pa muyezo wa m'buku. Amathandiza kuti buloko isapindike. Kenaka tenthetsani buloko yonse pang'onopang'ono mpaka madigiri 150, osapitirira 200. Uvuni yaikulu ndiyo yabwino. Popanda uvuni, zungulizani njerwa zouma, vindikirani ndi lata, n'kutenthetsa ndi mbaula ya gasi kunsi, mukutembenuza buloko kuti kutentha kufalikire. Kutenthetsa malo amodzi okha kumabala mng'alu wina pambali.

Aluminiyamu safiira akamatentha. Amaoneka chimodzimodzi mpaka mphindi imene amangogwa n'kusiya bowo, choncho maso sangakuuzeni kanthu. Gwiritsani choko choyezera kutentha, chimene chimasungunuka pa madigiri olembedwa pa icho, kapena kamfuti koyezera kutentha. Kamfutiko kamanama pa chitsulo chonyezimira, kamaonetsa nambala yotsika, ndiye lozani pamalo akuda okhakhala. Mabuloko ambiri anawalimbitsa ndi moto kufakitale, ndipo kuwasunga pamwamba pa madigiri 200 nthawi yaitali kumawafewetsa, mazinga a mabawuti n'kuyamba kuzuka.

Tchingani mphepo. Galaja ya pamtetete imauluza argon, ndipo msoko umada ngakhale mutayeretsa bwanji. Valani helemeti ya galasi la nambala 11 kapena 12, magolovesi ndi malaya a manja aatali otseka pakhosi, chifukwa aluminiyamu amabweza kuwala n'kukuwambani pansi pa chibwano. Malowo akhale opita mpweya pamwamba.

Kuwotcherera kwenikweni

Ulendo woyamba musaike ndodo. Yendetsani moto wochepa m'ngalande monse, ongokwanira kusungunula pamwamba. Muona timadontho takuda tikuyandama, thovu likuphulika, ndi mwaye m'mbali. Zimitsani, sengani zakudazo ndi carbide, kwechani ndi bulashi, n'kuyendetsanso. Pa buloko yonona kwambiri mutha kubwereza kangapo. Mudziwa kuti pakonzeka kadziwe kakayamba kuoneka ngati kalilole, koyera ndi kodekha.

Tsopano ikani ndodo. Ngati mng'alu wafika m'mphepete mwa buloko, gwirizitsani kaye m'mphepetemo ndi kadontho kamodzi, kenaka yambirani pa bowo la m'kati kutulukira kunja. Ngati uli pakati pa khoma, tsekani mabowo a kunsonga, n'kumachokera uku ndi uku kukakumana pakati. Lowani ndi moto wamphamvu kuti kadziwe kapangike m'masekondi atatu kapena anayi. Kakachedwa, maampu achepa, ndipo mukungotenthetsa buloko pachabe. Tochi ya TIG ipendeke pang'ono, madigiri 10 kapena 15, ikukankha kupita kutsogolo, nsonga ya tungsten ili mamilimita awiri kapena atatu pamwamba pa kadziwe. Dikirani kuti mbali zonse ziwiri za ngalande zisungunuke musanagunditse ndodo kutsogolo kwa kadziweko. Kudonthezera ndodo pa chitsulo chosasungunuka kumangomata pamwamba. Nsonga ya ndodo isamatuluke mu gasi.

Wotchererani mamilimita 25 kapena 30, n'kuima. Poima musangodula moto. Tsitsani pang'onopang'ono mukuonjezera kadontho kena ka ndodo kuti pasatsale kadzenje, chifukwa mng'alu watsopano umayambira m'kadzenje kotero, wooneka ngati kanyenyezi. Tochi ikhalebe pomwepo mpaka gasi aleke yekha. Msoko ukadali wotentha, ugogodeni pang'ono ndi kahamala ka mutu wozungulira kuti chitsulo chomwe chikukokana chimasuke. Kwechani, yezani kutentha kwa buloko, n'kupitiriza. Yatentha kupitirira 200, pumani. Yazizira kwambiri, tenthetsaninso.

Tungsten ikagunda kadziwe, imani pomwepo, muidule, muinolenso, ndipo musenge malo amene yagundawo. Mukaona timabowo pa msoko, musatikwirire ndi mzere wina. Sengani mpaka titatha n'kuwotchereranso. Ngalande yakuya idzazeni ndi mizere ingapo yopyapyala, ndipo womaliza utumphuke pang'ono pamwamba pa khoma.

Pa bowo la konrodi, chigamba chabwino ndi chodula ku buloko ina yakufa ya mtundu womwewo. Ngodya za bowo ndi za chigamba zikhale zozungulira, m'mphepete mosengedwa mopendeka. Gwirizitsani malo anayi, n'kumawotcherera mbali zoyang'anana mosinthanasinthana.

Izizire yokha

Bwezerani buloko mu uvuni yozimitsa, kapena ikwirireni mumchenga wouma wofunda, kapena ifunditseni bulangeti losapsa ndi moto. Igone mpaka m'mawa. Madzi, fani kapena simenti yozizira zisaikhudze.

Yesani musanamange

Bwerezani mayeso a utoto wofiira pa msoko ndi pozungulira pake. Kenaka tsekani makomo onse a madzi ndi timapuleti ta labala, kuphatikizapo pamwamba pokhala hedi, n'kupoperamo mpweya wa bar 1.5 kapena 2. Chivindikiro cha ladiyeta cha magalimoto ambiri a ku Japan chimatsegukira pa bar 0.9 kapena 1.1, ndiye muyezo umenewu wakwanira. Musalumikize kompuresa yonse mwachindunji popanda chochepetsera mphamvu. Pakani madzi asopo n'kuyang'anitsitsa. Kabowo kakang'ono kamatulutsa thovu losalala ngati malovu, ndipo kamatenga mphindi kuti kaoneke. Ngati mungathe, mizani bulokoyo m'madzi otentha, chifukwa timabowo tina timatseguka chitsulo chikafunda. Pamene padontha, sengani, tenthetsani, wotchererani. Guluu wa zitsulo monga Pratley Steel angatseke kabowo kamodzi ka kunja pa khoma losasenza katundu, koma sangalowe m'malo mwa msoko wosagwira.

Yezani pamwamba pa buloko ndi rula yachitsulo yowongoka ndi feeler gauge (timapepala tachitsulo toyezera mpata), m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Pa 1NZ-FE buku la Toyota limalola mamilimita 0.05 okha. Zikapitirira, buloko ipite kwa a makina osenga. Ikani mabering'i ndi crankshaft, mangani makapu pa muyezo, n'kuzungulitsa ndi dzanja. Iyenera kuzungulira mofewa popanda pogwira. Ikamagwira penapake, buloko yapindika, ndipo mabowo a mabering'i afunika kuwongoledwa pa makina musanapitirire. Yesani mazinga onse oyandikana ndi msoko, ndipo ofooka muikemo tizitsulo tobwezeretsa mazinga, Helicoil kapena Time-Sert.

Tsukaninso buloko yonse, makamaka njira za oyilo, ndi kabulashi ndi mpweya. Kachipalipali kamodzi kotsalira kapena mchenga uja zimatha bering'i m'kanthawi kochepa.

Pomanga, konzaninso chimene chinang'alula buloko poyamba paja. Ngati kunali kutentha, onani ladiyeta, chivindikiro chake, pampu ya madzi ndi fani, ndipo bwezerani thermostat ngati ina inachotsedwa. Thirani coolant weniweni wosakaniza monga chitini chikunenera, chifukwa madzi a pampopi kapena a pachitsime okha amadya aluminiyamu m'kati. Lizani injini itaima mpaka fani izungulire kawiri, muzimitse, n'kuyang'ana msoko ndi tochi yowunikira. Ikazizira onani ngati madzi atsika ndiponso ngati oyilo wasanduka wotuwa. Mwini galimoto aziona madzi m'mawa uliwonse kwa milungu iwiri yoyamba, ndipo abwere nayo mudzayang'anenso msokowo asanapite nayo ulendo wautali.